Patitayimu ya masamu: ya pagulu, ya kunyumba kapena ya pa foni?

Mwana wanga wamkazi atalowa Fomu 3, masamu anayamba kumuvuta kwambiri. Lipoti la teremu yoyamba linabwera ndi 8, ndipo mtima unandipweteka. Makolo anzanga mukudziwa mmene MANEB imaperekera mapointi pa MSCE: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mwana wolakalaka uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST sangapite patali ngati masamu alibe credit. Tinayesa njira zitatu, ndipo ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso anga.

Tinayamba ndi patitayimu ya pagulu, ija mphunzitsi amasonkhanitsa ana akaweruka. Mtengo wake ndi wofikirika, ndipo aphunzitsi ake ankaidziwa silabasi mpaka pansi, komanso kafunsidwe ka mayeso. Koma anawo anali ochuluka ngati m'kalasi momwe. Aphunzitsi amasova pa bolodi, ana amakopera, nthawi yatha. Kope la mwana wanga linali laudongo, samu iliyonse yokhoza, ine n'kumasangalala. Loweruka lina ndinatenga funso m'kope lomwelo, ndinangosintha manambala: 2x + 3y = 12 ndi x − y = 1. Anakhala mphindi khumi cholembera chili kukamwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zokhoza zonse zija zinali za aphunzitsi, osati zake. Gulu limathandiza mwana amene maziko ali nawo kale, wongofuna kubwereza ndi kulimbikitsidwa ndi anzake. Wotsalira amangobisala kumbuyo kwa ena.

Kenako mnzanga wa kutchalitchi anandipezera mnyamata wophunzira kukoleji, wobwera kunyumba kawiri pa sabata. Tsiku loyamba buku la Fomu 3 sanalitsegule n'komwe. Analemba timafunso tiwiri papepala: −3 − 5, ndi ½ + ⅓. Mwana wanga anayankha 2 ndi ⅖, pomwe mayankho ake ndi −8 ndi ⅚. Mnyamatayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, vuto silinayambire mu Fomu 3. Tibwerere kaye m'mbuyo." Poyamba zinandikwiyitsa, chifukwa ndinkaona ngati ndalama zanga zikupita ku zinthu za kupulayimale. Koma masamu ali ngati kumanga nyumba ya njerwa: mzere wapansi ukapotoka, khoma lonse limapotoka. Masabata atatu a mafulakishoni ndi manambala a negative anamasula zambiri zomwe zinkamutsamwitsa mu algebra. Pagulu palibe akanaona bowo limeneli, chifukwa kuliona kumafuna munthu wokhala pambali pa mwana, kuyang'ana cholembera chikuyenda ndi pamene chaima.

Njira imeneyi ili ndi zovuta zake. Ndi yodula kuposa zonse. Mayeso a kukoleji akayandikira, mphunzitsi wanu amasowa, ndipo tchuthi chikafika amapita kwawo. Enanso masamu amawadziwa koma amadumpha masitepe, pomwe pa MSCE njira yosovera imakhala ndi malikisi ake, osati yankho lokha. Ndipo poti ndi mwana wamkazi, phunziro limachitikira pabalaza, chitseko chili chotsegula, ine kapena azakhali ake tili pafupi. Izi musachite nazo manyazi, muuzeni mphunzitsiyo tsiku loyamba.

Za pa foni sindichulukitsa. Pa YouTube ndi pa Khan Academy pali maphunziro aulere abwino, ndipo vidiyo siitopa: mwana akhoza kubwereza ma circle theorem kasanu osakalipiridwa. Koma bando ya Airtel kapena TNM imatha msanga ndi mavidiyo, Chingerezi chake chimathamanga, ndipo mitu yake sinasanjidwe motsata silabasi yathu. Foni yomweyonso ndi imene muli WhatsApp ndi TikTok. Mwana akhoza kuonera ola lathunthu akugwedeza mutu, koma mukamupatsa pepala dzanja n'kuuma. Ife timaigwiritsa ntchito pa mutu umodzi umene wavuta, ndipo akamaliza kuonera amasova mafunso atatu foni itazimitsidwa.

Chimene chinandithandiza kusiyanitsa njira zonsezi ndi kalondolondo amene ndimachita ndekha. Mawu akuti "akuchita bwino" musawadalire, chifukwa palibe mphunzitsi wolipidwa amene amafulumira kunena kuti ntchito yake sikuoneka. Ndinagula kope la hardcover. Loweruka lililonse lachiwiri mwana amalemba mafunso a m'mapepala akale a MANEB, pa mitu yokhayo imene waphunzira, wotchi ili patebulo, popanda womunong'oneza. Mphunzitsi akachonga, sitilemba malikisi onse pamodzi, timalemba mutu ndi mutu: algebra, geometry, statistics, trigonometry. Pafunso lililonse lolakwa timalembapo chifukwa chake, kaya sanadziwe njira, kaya anathamanga n'kusokoneza chizindikiro, kaya sanamve Chingerezi cha funsolo. Chomalizachi chinandidabwitsa. Mafunso ambiri a nkhani ankamugwetsa chifukwa cha mawu monga "at most" ndi "exceeds", osati chifukwa cha manambala, ndipo mankhwala ake anali kuwerenga funso mokweza n'kulifotokoza m'Chichewa asanagwire cholembera.

Simufunika kudziwa masamu kuti musunge kope lotere. Ine trigonometry ndinaisiya kalekale, koma ndimatha kuona kuti mutu umene unali ndi 3 pa 10 mwezi watha tsopano uli ndi 7, kapena kuti sunasunthe. Mutu ukaima malo amodzi kawiri motsatizana, ndimakhala pansi ndi mphunzitsi kope lili pakati pathu.

Ngati thumba likulola, ine ndingasankhe wobwera kunyumba, ngakhale kwa miyezi itatu yokha yotseka mabowo, kenako mwana abwerere ku gulu pokonzekera mayeso. Ngati silikulola, gwirizanani makolo atatu kapena anayi a ana a kalasi imodzi mulipire mphunzitsi mmodzi. Ndi mmene tikuchitira teremu ino ndi aneba awiri, ndipo mwana aliyense ali ndi kope lakelake.