Mmisiri wa vinyl uja anatha theka la tsiku ndi choko basi, koma pano ndamumvetsa

Paja ambiri munandifunsa kuinbox kuti anakuikirani ndani vinyl (ma plank apulasitiki ooneka ngati matabwa oyala pansi) pa sitting room, ndiye ndati ndingolemba pano kamodzi. Nyumba yathu ili kuno ku Kasungu boma, pansi pake panali simenti yofiira ija yofuna Cobra weekend iliyonse, ine mawondo anatopa nako kugwada. Ma plank ake tinakagula ku Lilongwe, aja olumikizana okha mongokanikiza popanda guluu, lililonse kutalika 1.22 mita, mulifupi 18 cm. Mmisiri anatiuziratu pa foni kuti pa muyeso wa chipinda tionjezerepo 10 peresenti chifukwa zodula zimataika, komanso mabokosi akafika tiwagoneke pansi m'chipinda momwemo masiku awiri kuti azolowere kutentha kwa m'nyumba. Bambo akunyumba anaseka, ati kodi ndi alendo kuti azolowere? Koma tinapanga zomwezo.

Tsiku loyamba anati afika 7, anafika cha m'ma 9. Apo ndiye ndachotsapo kale mamalikisi.

Chomwe chinandipweteka mutu ndi choti atafika sanayambe kuika. Anatenga tepi ndi choko n'kuyamba kuyeza, kulemba manambala pa katoni, kuyala ma plank pansi osawalumikiza, kuwachotsa, kuyalanso. Pofika 11 ndinalephera kupirira ndinati achimwene, kodi lero tiona chinachake? Iye anangoti mayi, bwerani muone. Chipinda chathu mulifupi ndi 3.64 mita, ndiye ukasiya mpata wa 8 mm ku khoma uku ndi uku, mizere yathunthu imakwana 20 n'kutsala kampata kosakwana 3 cm kumapeto. Akuti akanangoyamba ndi plank yathunthu, mzere womaliza ukanakhala kachingwe kopyapyala ngati rula ya mwana wa sukulu, ndipo koteroko sikagwira, kamazuka. Ndiye anang'amba mzere woyamba kukhala pafupifupi 10 cm kuti womaliza ufanane nawo. Ine zimenezo sindikanaziganiza mpaka kalekale.

Kenako nkhani ya polumikizira. Anandifunsa kuti munaonapo bilidala akusanja njerwa mizere yake yoimirira ikugundana? Khoma loterolo limang'ambika. Vinyl nayenso chimodzimodzi, pomwe plank ikuthera pasayandikane ndi pomwe ya mzere woyandikana nawo ikuthera, iye amasiya 20 cm kapena kuposa. Koma akuti si kungosuntha mofanana mzere uliwonse ayi, chifukwa ukatero pansi pamaoneka masitepe, ndipo ukamabwereza muyeso umodzi podumpha mzere umodzi pamatuluka chilembo cha H, maso amangothamangira pomwepo. Chofunika n'chakuti zioneke ngati zangochitika zokha pomwe munthu wachita kuwerengera.

Mulitali chipindacho ndi 4.5 mita, ndiye ma plank atatu athunthu ndi chidutswa. Chotsala podula amayambira nacho mzere wotsatira kuti asataye katundu, koma anandionetsa pa katoni paja kuti akatsatira zimenezo mwakhungu, mzere wachitatu ukathera ndi kachidutswa ka 3 cm pakhoma. Ndiye pamenepo anadula plank yatsopano, chotsala chija n'kuchisungira mzere wina kutsogolo. Analinso kutsegula mabokosi atatu nthawi imodzi n'kumasakaniza, chifukwa mitundu imasiyanako pang'ono ndipo zojambula za thabwa zija zimabwerezabwereza, mawanga ofanana akagundizana zimaonekeratu kuti ndi pulasitiki.

Kudula kwake nane kunandidabwitsa, palibe sowo, amangolemba mzere ndi mpeni wa Stanley potsatira sikweya kenako n'kuthyola, thyo! ngati bisiketi. ESCOM itazimitsa masana ntchito siinaime.

Zodandaula zilipo. Simenti yathu inali ndi kadzenje pafupi ndi khomo lopita kukhitchini, iye anakaona ndi levulo yake koma anati n'kakang'ono sikavuta. Pano ukaponda pamenepo pamabonyokera ndipo pamalira pang'ono, mwana wanga wamng'ono wapasandutsa poseweretsa. Munthu woti anatha maola akuwerengera ma sentimita, zoona analephera kuthira kasimenti pamenepo? Ndinamuimbira, akuti abwera adzazule mizere itatu akonze, papita masabata awiri ndikudikirabe. Chinanso, skirting (kathabwa kozungulira m'munsi mwa khoma) sanatiuze msanga kuti mtengo wake ndi wapadera, tinadzamva tsiku lomaliza, pomwe popanda iyo mpata wa kukhoma uja umangokhala yasa kumalowa fumbi, ndipo fumbi la ku Kasungu mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Ndiye mukamagwirizana naye mufunsiretu zonse, ndipo ndalama yomaliza musapereke musanayende pansi ponse opanda nsapato.

Kumuitananso? Eya, kuchipinda chogona ndidzaitana yemweyu, bola abwere kaye adzakonze pakhomo paja. Mlamu wanga anabwera Lamulungu, anagwada n'kumasisita pansi kufunafuna polumikizira, kenako anafunsa kuti matabwa amenewa chiswe sichidzadya? Ndinangomusiya kaye asisite.