Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za madala a kuseri kwa shedi

Galaja iyi ya mumsewu wopita ku mlatho wa Bakili Muluzi ndikanaipatsa ziro pakanapanda madala ena a imvi omwe amagwira ntchito kuseri kwa shedi.

Galimoto yanga ndi yogonamo ija, ya bedi ndi kakhitchini mkati, yomwe ndimanyamulira alendo opita ku Cape Maclear. Mvula itatha mu Epulo ndinaona kuti khoma la kumanzere latupa pansi pa windo ngati chithupsa. Kapitawo wa pagalajapo sanaligwire n'komwe. Anangoyang'ana foni ili kukhutu, amvekere, "Bwana, zazing'ono izi, tiwongola tipake fila." Ndisanatsirize kunena kuti khomalo si lachitsulo, mnyamata wake anali atakweza kale hamala. Phwa! Mng'alu wotalika ngati chikhatho changachi. Anthuni, bodi ya galimoto zoterezi ndi fayibagalasi yopyapyala yomatidwa pa pulayiwudi. Si minibasi ya ku Namwera yoti ukaimenya ibwerera m'malo. Ndinakalipa mpaka akabaza anaimika njinga kuti aonerere, koma kapitawoyo ngakhale pepani, ayi ndithu.

Phokosolo ndi lomwe linatulutsa madala aja. Anati, "Mwanangu, khazikani mtima pansi, tiyambe taimva kaye." Anatenga ndalama yachitsulo n'kumagogoda khoma lonse pang'onopang'ono, khutu atayandikiza. Pomwe pali bwino pamalira mouma, pomwe pamatuka pamalira ngati chigubu chopanda madzi. Anazunguliza ndi choko, ndipo bwalo lake linakafika kudenga, kutali ndi chotupacho. Atamasula felemu ya windo, thabwa la mkati linali bii, chala chinkangolowa. Madzi ankalowera pamwamba, pa kachitsulo ka aluminiyamu kolumikiza denga ndi khoma, pomwe zomatira zakale zinang'ambika ndi dzuwa la kuno. Anyani a ku Cape Maclear omwe amadumphira padengapo nawonso sindikuwachotsa pa mlanduwu.

Kenako anandifunsa kuti, "Silikoni uyu anapaka ndani?" Manyazi anandigwira, poti ndinapaka ndine chaka chatha, wa kubafa uja wa kuhadiweya. Akuti amamatuka m'mphepete madzi n'kumadutsa pansi, penti sagwirapo, ndipo ukapaka wina pamwamba pake samata. Apa mkwiyo wanga unatsikako, chifukwa theka la vutoli ndinaliyamba ndekha.

Anapala yense, anadula thabwa lowola, anasiya masiku atatu kuti muume, n'kumata latsopano. M'molumikiza anaikamo zomatira zotchedwa Sikaflex, masikuluu adzimbiri anasintha. Mng'alu wa hamala uja anautseka ndi nsalu ya fayiba ndi rezini. Penti yake yasiyana pang'ono ukayang'ana dzuwa likuswa mtengo, koma fumbi la mwera labisa kale. Anandiuzanso kuti ndizikwera padenga kawiri pachaka, mu Novembala mvula isanayambe komanso ikangotha, n'kumasisita molumikiza monse ndi chala.

Tsiku lolipira kapitawo anabwezeretsa mkwiyo wonse. Pa K260,000 yomwe tinagwirizana ija anawonjezerapo K40,000, ati ya kukonza mng'alu. Mng'alu woswa mnyamata wake, ine ndikuona! Ndinakana, tinakokanakokana, mpaka anaifufuta ndi bolopeni akung'ung'udza. Ya sopo ndinakawapatsa madalawo m'manja, kuseri komweko, kapitawo asakuona.