Makina ogogoda minofu ndi mpira wa tenesi: zimene ndaona pa phewa la telala

Ndakhala ndikusoka zovala kwa zaka 19, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndazithera m'kachipinda ka lendi ku Kamwala mu Lusaka, kumene ndimasoka mayunifomu a ana asukulu komanso madiresi a chitenje ovala pa kitchen party ndi pa chilanga mulilo. Aliyense amene anakhalapo pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa akudziwa pamene ntchitoyi imaluma, ndipo ndi pakati pa khosi ndi phewa, mbali ya dzanja lotsogolera nsalu. Kwa ine ululu unkayambira pamenepo, n'kukwera kunkhongo, kudutsa kuseri kwa khutu, mpaka kukaima pambali pa diso lakumanja ngati litsipa. M'miyezi ya December ndi January, pamene makolo amathamangira mayunifomu sukulu zisanatsegulidwe, ndinkachita kutembenuza thupi lonse kuti ndione amene walowa pakhomo, chifukwa khosi palokha linkakana.

Kwa nthawi yaitali ndinkadalira mapiritsi a diclofenac ndi ibuprofen, mpaka m'mimba munayamba kutentha. Namwino wa pa kiliniki anandichenjeza kuti mankhwala a mtundu umenewu akamamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Chenjezo limenelo ndi limene linandichititsa kugula makina amene m'masitolo amawatcha massage gun. Ndinawapeza m'kasitolo kena ka zamagetsi kufupi ndi Cairo Road, ndipo ndinalipira K780 titanenerera ndi mnyamata wogulitsa, amene ananditsimikizira kuti, "Amayi, awa mukangoika pamene pakuwawa, mawa mudzuka ngati mtsikana."

Makinawa amaoneka ngati drilo yaing'ono, ndipo sanjenjemera chabe ngati foni ikamalira, koma mutu wake umatuluka ndi kubwerera mofulumira kwambiri, kugogoda mnofu. Anga anabwera ndi timitu tinayi tosinthasintha: kobulungira kofewa ngati siponji, kaphwatalala, kosongoka ngati chala, ndi kamphanda. Ali ndi batani limodzi losinthira liwiro kasanu ndi kamodzi, ndipo amatchajidwa ndi chingwe chofanana ndi cha mafoni a masiku ano. Zimenezi zinandithandiza kwambiri m'chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ochuluka patsiku, chifukwa ndinkatha kuwatchaja pa power bank yomwe ndimatchajira foni.

Kuzima kwa magetsi komweko ndi kumene kunandionetsa ubwino weniweni wa makinawa. Makina anga osokera amagetsi atasanduka tebulo loikapo nsalu, ndinatulutsa makina akale opalasa ndi mapazi amene mayi anga anandisiyira, ndipo patangotha mlungu umodzi akatumba a m'miyendo, ntchafu ndi matako zinauma ngati ndakhala ndikulima mizere tsiku lonse. Pa minofu ikuluikulu yotereyi makinawa amagwira ntchito yotamandika. Ndinkakhala pampasa madzulo, kuika kamutu kobulungira pa liwiro lachiwiri, n'kumayendetsa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa chitendene kukafika pansi pa bondo, mphindi imodzi kapena ziwiri mwendo uliwonse, ndipo ndikaimirira ndinkamva miyendo yapepuka. Kupepukako kunkatha tsiku lotsatira ndikabwerera pa makina, komabe kunkandilola kugona, ndipo munthu amene anagonapo ndi miyendo yophwanya akudziwa mtengo wa tulo totere.

Pa vuto limene ndinawagulira, makinawa anandikhumudwitsa. Choyamba ndi chakuti malo amene amandiwawa kwambiri, pakati pa fupa la phewa ndi msana, dzanja silifikapo bwino. Kuti ndifikepo ndinkayenera kukweza mkono ndi kuupinda kumbuyo nditanyamula chinthu cholemera chimene chikugwedezeka, motero mnofu womwe ndinkafuna kuufewetsa unkalimba kwambiri chifukwa cha ntchito yonyamulayo. Chachiwiri ndi kapepala ka m'bokosi, kamene kakufotokoza katchajidwe ndi kasinthidwe ka timitu koma sikatchula ngakhale malo amodzi amene makinawa sayenera kufikapo. Usiku wina mutu utandivuta kwambiri, ndinaika kamutu kosongoka pa liwiro lomaliza n'kukanikiza m'mbali mwa khosi, ndikuganiza kuti kuwawa kwambiri ndiko kuchira. Ndinachita chizungulire, pamalopo panatupa ndi kuda, ndipo kwa masiku awiri sindinasoke. Wogulitsa sanandiuze chilichonse za ngoziyi, ndipo ndikukhulupirira kuti katundu wotere sayenera kugulitsidwa ngati tochi kapena wailesi.

Kutupako ndi kumene kunandifikitsa kwa katswiri wa mafizo, mayi wamng'ono kwa ine amene anayamba wandifunsa za ntchito yanga, kutalika kwa mpando ndi kumene kuwala kumachokera m'kachipinda kanga, asanandikhudze n'komwe. Kenako anatsina mnofu wa pamwamba pa phewa pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, n'kufufuza pang'onopang'ono mpaka anapeza kamfundo kolimba kangati nsawawa. Atakakanikiza, ululu unathamanga njira yomwe ija, kunkhongo, kuseri kwa khutu, mpaka pambali pa diso. Ndinafuula kuti, "Ndi pomwepo, adokotala!" Iwo anati, "Amayi, mutu wanu ulibe vuto lalikulu, ukungolira maliro a phewa."

Anandifotokozera kuti mnofuwo umatchedwa trapezius, umene umayambira kunkhongo n'kuyala pamapewa mpaka pakati pa msana, ndipo timfundo totere madokotala amatitcha ma trigger point. Amene anatchukitsa nkhani yake ndi dokotala wa ku America, Janet Travell, amene anali dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy, ndipo iye pamodzi ndi David Simons anajambula mapu osonyeza kuti kamfundo ka pamalo akuti kamatumiza ululu kumalo akuti. Pa mapu amenewo kamfundo ka pamwamba pa phewa kamatumiza ululu pambali pa mutu, monga mmene zinalili kwa ine, ndipo timfundo ta m'mbali mwa thako timatha kutumiza ululu kutsika ndi mwendo. Ndinawalemekeza mayi a mafizo aja chifukwa sanabise kuti akatswiri amatsutsanabe za chimene kamfundoko kali kwenikweni, ndiponso kuti kutikita kumapereka mpumulo wa kanthawi ngati munthu sasintha chimene chikuumitsa mnofuwo.

Chida chimene anandipatsa ndi mpira wa tenesi woikidwa m'sokosi yaitali. Ndimagwira kukamwa kwa sokosi, kuponya mpirawo kumbuyo kudzera paphewa, n'kutsamira khoma kuti mpira ukhale pa mnofu wa pakati pa fupa la phewa ndi msana, osati pa fupa la msana lenilenilo. Sokosi imathandiza kuti mpira usagwe ndiponso kuti ndiukweze kapena kuutsitsa popanda kupinda mkono. Ndikapeza pamene pakuluma ndimaima pomwepo, kutsamira pang'ono, n'kumapuma mozama kwa masekondi 30 mpaka 60, ndipo nthawi zambiri ululu umayamba kusungunuka ndisanachoke. Lamulo limene anandipatsa ndi lakuti ululu wake ukhale woti ndingathe kupuma nawo bwinobwino, ndipo ndikaona kuti ndikuluma mano kapena kugwira mpweya, ndiye kuti ndapyola muyeso ndipo mnofu ukudziteteza m'malo momasuka. Apa ndi pamene mpira umaposa makina, chifukwa mphamvu imachokera ku miyendo ndi kulemera kwa thupi, pamene mapewa ndi manja zili phee.

Kamfundo ka pamwamba pa phewa sikafuna chida chilichonse. Ndimakhala pansi, kugoneka mkono wakumanja patebulo lodulira nsalu kuti phewa ligwe, kenako ndi dzanja lamanzere ndimatsina mnofuwo monga anachitira adokotala, kuugwira kwa kanthawi, n'kupendeketsa mutu pang'onopang'ono kumanzere. Ndisanayambe ndimathowa pamalopo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, monga agogo anga ankachitira kumudzi ku Katete munthu akabwera kumunda msana utauma. Ndinasangalala kumva katswiri wophunzira akuvomereza kuthowa, chifukwa ambiri a ife tinayamba kukuona ngati zachikale, chonsecho kutentha kumafewetsa mnofu ndipo dzanja limalowa mosavuta.

Sindinganene kuti mpira wokha ndi umene unandichiritsa. Ndinaika thabwa pansi pa miyendo ya tebulo kuti ndisamawerame kwambiri, ndinasuntha makina kuti kuwala kwa pawindo kugwere pa singano, ndipo ndikamaliza malaya amodzi ndimaimirira, kuzungulitsa mapewa ndi kuyenda pang'ono ndisanatenge ena. Katswiri wa mafizo uja anandipatsanso timasewera tolimbitsa minofu ya pakati pa mapewa pogwiritsa ntchito lamba wa mphira. Ululu umene wapitirira miyezi itatu madokotala amauwerengera m'gulu la ululu wokhalitsa, ndipo wotere sumva njira imodzi. Bungwe la World Health Organization litatulutsa malangizo ake a ululu wokhalitsa wa m'chiuno mu December 2023, linaika kutikita minofu pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi komanso kuphunzitsa wodwala za vuto lake, osati ngati mankhwala oima paokha. Bungwe lomwelo likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wa m'munsi, choncho amalonda a makina otere sadzasowa makasitomala, ndipo n'chifukwa chake ogula tiyenera kuuzana zoona.

Zimene kapepala ka m'bokosi kanasiya ndizilemba pano monga ndinauzidwira. Makinawa asafike kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi, kumene kumadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo, ndiponso asagogode pa fupa la msana, pa bondo, pa chigongono, pa bala kapena pamene patupa chifukwa chovulala kumene. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa kuseri kwake, usatikitidwe ndi makina kapena ndi manja, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha ndipo magazi oundanawo akasuntha angakafike m'mapapo. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, amayi oyembekezera, ndi odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo msana ukamawawa kwambiri usiku, munthu n'kumatentha thupi, kutuluka thukuta ndi kuonda, imeneyo si nkhani ya mpira, popeza TB imagwiranso mafupa a msana. Miyendo ikayamba kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka munthu osadziwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ofuna katswiri wa mafizo adziwe kuti ntchitoyi imaphunziridwa ku University of Zambia ndi ku Evelyn Hone College, ndipo woigwira ayenera kukhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, choncho si mwano kufunsa chiphaso chake musanagone pabedi lake.

Pa kulimba kwa katunduyu, patatha miyezi ingapo batire linayamba kutha msanga, moti tsopano limangokwana madzulo awiri, ndipo kamutu kofewa kaja kanang'ambika m'mphepete. Phokoso lake pa liwiro lapamwamba limamveka mpaka chipinda china, ndipo liwiro limenelo sindinalipezere ntchito, chifukwa loyamba ndi lachiwiri ndi lokwanira pa mnofu uliwonse umene ndayesapo. Kamutu kosongoka ndinakatsekera m'kabati kuti ana asakaseweretse.

Amene ntchito yawo imathera m'miyendo, monga amayi oima tsiku lonse pa Soweto Market, alonda, opalasa njinga ndi anyamata osewera mpira, makinawa angawathandize, makamaka ngati pakhomo pali wina wowagwirira pamalo osafikika. Pogula ayatseni m'sitolo momwemo, muwakanikize pachikhatho kuti muone ngati sazima mukawonjezera mphamvu, ndipo mutenge lisiti. Koma atelala anzanga, oluka tsitsi, madalaivala a minibasi ndi ogwira ntchito pa kompyuta, amene vuto lawo lili m'khosi ndi m'mapewa, ndalama imeneyo ndi bwino kuipereka kwa katswiri wa mafizo kuti akupezereni pamene pali kamfundo ndi kukuonetsani kagwiridwe kake. Ine ndinapitako katatu kokha. January wapitayu ndinasoka mayunifomu mpaka sukulu kutsegulidwa osamwa piritsi la ululu kupatula tsiku limodzi, ndipo sokosi ya mpira ija imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kachipinda kanga, pafupi ndi tepi yoyezera, pamene ndimaifikira masana aliwonse ndisanadye.