Kuwala kotsekeredwa mu OLED: timagalasi takunja, chomwaza chamkati, kapena kugoneka mamolekyu?

Chiyambire 1998, pamene gulu la Stephen Forrest ndi Mark Thompson linasonyeza mphamvu ya zinthu zowala za phosphorescent, zinayamba kutheka kuti pafupifupi elekitironi iliyonse yolowa mu OLED (zigawo zopyapyala zimene zimawala zokha magetsi akadutsamo, za m'masikirini ndi nyale) ibale kuwala. Koma OLED ikayalidwa pagalasi losalala wamba, kuwala kofika m'maso kumangokhala cha m'ma 20 peresenti. Kwina konseko kumathera momwemo n'kusanduka kutentha.

Gwero la vutoli ndi refractive index, nambala yosonyeza mmene chinthu chimakhotetsera kuwala. Zigawo zowalazo zili ndi 1.7 mpaka 1.8, ITO (chigawo choonekera chodutsa magetsi, choyalidwa pagalasi) ili cha m'ma 1.9, galasi 1.5, mpweya 1. Kuwala kochokera kwa nambala yaikulu kukafika pamalire mopendekeka kwambiri, kumabwerera m'mbuyo. Pakati pa galasi ndi mpweya zimachitika kukadutsa madigiri 42. Motero kwina kumazungulira m'galasi, kwina kumatsekeredwa mu ITO ndi zigawo zowala, ndipo kwina kumamezedwa ndi chitsulo cha cathode (mbali yolowetsa ma elekitironi) ngati ma plasmon, mafunde a ma elekitironi oyenda pamwamba pa chitsulocho. Musanasankhe njira, dziwani kaye kuti ikufika pati mwa malo atatuwa.

Yosavuta ndi yomata kunja: pepala la timagalasi ting'onoting'ono tokhala ngati theka la mpira, kapena pepala lomwaza kuwala. Simukhudza mkati mwa OLED, mumangomata pomaliza. Möller ndi Forrest mu 2002 anapeza kuwala kowonjezeka pafupifupi ndi theka pogwiritsa ntchito timagalasi totere. Komabe njirayi imangotulutsa kuwala kumene kwafika kale m'galasi. Kuli ngati kutsegula geti lakunja anthu ambiri atakiyiridwa m'zipinda zamkati. Pa nyale yowunikira m'chipinda palibe chodandaulitsa, koma pa sikirini kuwala kwa pikiselo (kadontho ka chithunzi) imodzi kumatulukira pamalo a inzake chifukwa cha kuchindikala kwa galasi, zilembo n'kumaoneka zosawongoka.

Njira zamkati zimafika pamene pali kuwala kochuluka. Ena amaika chigawo cha timchenga ta titanium dioxide pakati pa galasi ndi ITO, ena amapanga timizere ta chinthu cha nambala yotsika, monga anachitira Sun ndi Forrest mu 2008, ena amasintha galasi lenilenilo n'kuika la nambala yofanana ndi ya zigawo zowala. Gulu la Karl Leo ku Dresden linagwiritsa ntchito galasi lotere mu 2009, pamodzi ndi chotulutsira chakunja, n'kufika pa ma lumen 90 pa watt (muyeso wa kuwala kotuluka poyerekeza ndi magetsi ogwiritsidwa ntchito) ndi OLED yoyera. Zotsatira zake n'zokoma, koma mtengo wake ndi wowawa: galasi lotere n'lodula, ndipo chigawo chomwaza chiyenera kusalazidwa bwino kwambiri. Zigawo za OLED zonse pamodzi n'zopyapyala ma nanomita ochepa chabe opitirira 100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), choncho kachotupa kamodzi kokha kakhoza kugundanitsa anode ndi cathode, mbali ziwiri zodutsira magetsi, malowo n'kuzimiratu.

Palinso china chimene ambiri amachiiwala poyerekeza manambala a m'labu. Masikirini ambiri a OLED ali ndi polarizer, sefa ya kuwala yoletsa kuwala kwakunja kunyezimira pachitsulo chamkati. Chilichonse chomwaza kuwala chimasokoneza ntchito yake, ndiye kuda kwenikweni kumene anthu amagulira OLED kumayamba kuoneka kotuwa m'chipinda chowala. Polarizer yomweyo imadyanso kuposa theka la kuwala kotuluka, n'chifukwa chake Samsung inaichotsa pa sikirini yamkati ya Galaxy Z Fold3 mu 2021 n'kuika zosefa mitundu m'malo mwake.

Mafoni ambiri amatsata microcavity: kuwala kumatulukira pamwamba kudzera m'chitsulo chopyapyala, n'kumagundagunda pakati pa chitsulo chapamwambacho ndi chapansi mpaka kulunjika kutsogolo. Mitundu imayera, kuwala kwakutsogolo kumakula, koma mukapendeketsa foni zoyera zimasintha mtundu. Kwa munthu mmodzi woyang'ana molunjika, njirayi ndi yabwino. Pa nyale yoyera ayi.

Ine ndimaika patsogolo kugoneka mamolekyu. Molekyu yowala imatulutsa kuwala kwambiri cham'mbali mwa mzere wa dipole yake, mzere umene mphamvu ya magetsi imagwedezekera mkati mwa molekyuyo. Ikaimirira, kuwala kumayenda motsatira zigawo n'kugwera m'ma plasmon. Ikagona, kumalunjika kunja. Mamolekyu osakanikirana mwachisawawa amakhala ogona magawo awiri pa atatu okha. Gulu la Jang-Joo Kim ku Seoul National University linadutsa 30 peresenti ya kuwala kofika kunja ndi mamolekyu ogona kwambiri, popanda timagalasi kapena chomwaza chilichonse. Chithunzi sichisokonekera, kuda sikutuwa, ndipo njirayi imagwirizana ndi zinzake zonse. Kutalikitsa chigawo chowala ndi cathode kumachepetsanso ma plasmon, ngakhale kuti voteji imakwera ngati chigawo chonyamula ma elekitironi sichinasakanizidwe ndi dopant, chinthu chothandiza magetsi kudutsa mosavuta.

Timagalasi tikhoza kugwiranso ntchito pa sikirini tikaikidwa mkati, pafupi ndi pikiselo. LG inachita zimenezi pa TV ya G3 mu 2023 ndi Micro Lens Array. Pofika pa G5 mu 2025 inatisiya, n'kusankha kusanjikiza zigawo zowala zinayi kuti kuwala kuchuluke kuchokera pagwero.