Beethoven 5 ndi 7 wa Carlos Kleiber: chimbale chimene chinatikanganitsa ndi achimwene

Chimbale ichi ndakhala nacho miyezi itatu, ndikumachimvera madzulo ndikaweruka, ndiye ndikhoza kunenapo kanthu. Ndinachigula pa intaneti, chogwiritsidwapo kale ntchito. Chinafika kabokosi kake katasweka pakona, zimene wogulitsayo sananene, koma CD yeniyeniyo inalibe pokalika paliponse, ndiye sindinalimbane naye.

Muli ma symphony (nyimbo zazitali za zigawo zingapo zoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida) awiri amene anapeka Beethoven, wa nambala 5 ndi wa nambala 7. Oimba ndi a Vienna Philharmonic, wowatsogolera ndi Carlos Kleiber. Wa 5 anajambulidwa mu 1974, wa 7 mu 1975 ndi 1976, ndipo a kampani yojambula nyimbo ya Deutsche Grammophon anawaphatikiza pa chimbale chimodzi cha mphindi pafupifupi 72.

Mkangano unayamba tsiku limene ndinawaikira achimwene anga. Iwo ndi munthu wa Otto Klemperer, wotsogolera oimba wina, makamaka zimene anajambula ndi gulu la Philharmonia ku London m'zaka za m'ma 1950, zoyenda pang'onopang'ono, zolemera ngati mwala. Chigawo choyamba cha nambala 5 chisanafike n'komwe pakati, anali atayamba kale kupukusa mutu.

"Iwe, mkulu ameneyu akuthamangira kuti? Basi ikumusiya?"

"Achimwene, tamverani kaye mpaka kumapeto."

"Beethoven safuna phuma. Ukamuthamangitsa umataya ndiwo zake."

Ine sindikuvomereza, ndipo chifukwa changa chili pamalo amodzi. Chakumapeto kwa chigawo chachitatu nyimbo imazilala mpaka kutsala ng'oma yokha ikugunda chapansipansi, mavayolini akufufuza njira ngati munthu woyenda mumdima. Kenaka mawu amakula, amakula, mpaka malipenga aakulu aja, ma trombone, amene akhala chete kuyambira pachiyambi, amalowa mwadzidzidzi. Kwa Kleiber pamalo amenewa ndimapezeka ndaumitsa khosi osadziwa. Iye sakuthamanga chisawawa ayi, wakhala akukoka chingwe kuyambira pa manotsi anayi oyamba aja, ndipo chimadzaduka pomwepa. Ukayenda mofatsa kwambiri chingwecho chimakhwepa usanafike.

Komanso nkhani ya liwiroyi si yachilendo. Mu 1817 Beethoven mwiniwake anatulutsa manambala a metronome, kachipangizo koyezera liwiro la nyimbo, osonyeza liwiro limene ankafuna, ndipo otsogolera ambiri anawaona ngati othamanga mopitirira muyezo, ena mpaka kumati kachipangizo kakeko kanali kowonongeka. Wotsogolera wina, John Eliot Gardiner, pa zimbale zake zotuluka mu 1994, anayesetsa kuwatsatira manambalawo pogwiritsa ntchito zida zoimbira za mtundu wa nthawi ya Beethoven. Achimwene akadamva zimenezo bwenzi atatuluka m'nyumba. Pomuyerekeza ndi Gardiner, Kleiber ndi wodekha ndithu.

Pena pake akulu aja akunena zoona, ndisabise. Kwa Klemperer zitoliro zimamveka bwino chilichonse pachokha, umachita kuziwerenga. Kwa Kleiber, m'chigawo chomaliza cha nambala 7, phokoso likafika pachimake mavayolini amandilasa m'makutu ndikavala mahedifoni anga otchipawa. Pa masipika a pabalaza sizitero. Koma mahedifoni omwewo ali ndi ubwino wake: mu nambala 7 Kleiber anagawa mavayolini, gulu lina kumanzere lina kumanja, ndiye umawamva akuyankhana ngati amayi awiri akusinja pamtondo umodzi.

Kwa amene akufuna ma symphony onse asanu ndi anayi m'bokosi limodzi, chimbale ichi sichokwanira. Kleiber sanajambule onse, ankajambula mwa apo ndi apo kwambiri. Pamenepo yang'anani bokosi la Herbert von Karajan ndi Berlin Philharmonic lotuluka mu 1963. Koma ngati mukufuna awiri okhawa, kapena mukungoyamba kumene kumvera nyimbo za mtundu umenewu, gulani ichi. Ndikuchipatsa nyenyezi zisanu, za kabokosi zija n'za wogulitsa.

Tsiku lija tinafika pa chigawo chachiwiri cha nambala 7, chofatsa chija chomveka ngati anthu akuperekeza maliro. Manotsi omaliza ambiri amawaimba ndi uta, koma Kleiber anauza oimba kuti angokodola nsambo ndi chala. Achimwene anadzidzimuka.

"Yadumpha CD yakoyi. Ndiye kuipa kwa zakaunjika kumeneko."

Ndinabweza pang'ono, tinamvanso. Ndinabwezanso kachitatu. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati Klemperer sangachite zachibwana zotero. Pochoka anachiika chimbalecho m'thumba la jekete, ati akachimvere bwinobwino kwawo kuti adzandionetse pamene palakwika. Ino ndi sabata yachitatu, ndipo ndikawaimbira foni amangoti sanamalize kufufuza.