Laisensi Yosakira ku Kansas: Ya Chaka Chimodzi Kapena Yofika Zaka 21?

Ku Kansas, m'dziko la America, mwana wakomweko amasaka popanda laisensi mpaka atakwanitsa zaka 16. Akangofika pamenepo, thumba limayamba kulankhula, ndipo ambiri mfuti amaipachika. Mwa njira zimene boma limapereka, tiyeni tione ziwiri.

Ya chaka chimodzi: umagula, ikatha umagulanso.
Ya achinyamata: umalipira kamodzi, imakufikitsa pa zaka 21.

Mtengo: yoyambayo imaluma chaka ndi chaka, yachiwiriyi imatchipa kwambiri ukaigula uli ndi zaka 16. Ukachedwa, phindu limachepa.

Kuvuta kwake: wophunzira wa ku koleji, yemwe ndalama zathera ku lendi ndi mabuku, amaiwala kugula ya chaka. Novembala akafika, bambo ake akutulutsa agalu m'bandakucha kukasaka mbalame za pheasant m'minda yokololedwa, iye amatsala pakhomo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa wotsala kawiri sabwereranso kawirikawiri.

Zonse ziwiri sizikwanira posaka agwape. Pamafunika chilolezo china.

Ya chaka ikuyenera wongoyesa kaye, kapena amene wadutsa zaka 21. Wokulira m'banja la alenje atenge ya achinyamatayo akangokwanitsa 16.