grep, ripgrep ndi findstr: ndani anandichititsa manyazi pamaso pa agogo

Kuyambira tsiku limene anzanga anandipeza ndikusaka dzina la mlimi pa sikirini yakuda, Excel osatsegula n'komwe, funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, ife tiike pulogalamu iti yosakira mawu m'mafayilo?" Wina wa ku Katete anachita kundiimbira usiku anthu atagona kale, akuti wamva kuti ripgrep ndiye mfumu ya onse. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe pano kamodzi.

Ine ndimasunga mabuku a kopaletivu ya alimi kufupi ndi Chipata. Muli mayina a mamembala, manambala a NRC (chitupa cha unzika), amene alipira ya umembala, amene ali pa mndandanda wa feteleza, ndi matumba a chimanga, soya ndi nshawa amene aliyense anabweretsa. Zonsezi zili m'mafayilo a CSV ndi a txt, ena anachokera m'mafoni, ena m'makompyuta a anthu osiyanasiyana. Laputopu yanga ndi nkhalamba. Magetsi akathima batire silifika ola, ndipo fayilo yaikulu ikamatseguka mu Excel tiyi amazizira ndisanaone mzere woyamba. N'chimene chinandithamangitsira ku terminal, sikirini yakuda ija yolembapo malamulo.

Pa nkhani yongoona zimene zili m'fayilo palibe mkangano. Pa mapulogalamu oonera fayilo, cat amakhuthula zonse pa sikirini ngati thumba lotumbuka, more ndi wachikale, ndiye ikani mtima pa less. Mark Nudelman anamulemba m'zaka za m'ma 1980, ndipo ubwino wake ndi woti sadikira kuwerenga fayilo yonse asanakuonetseni tsamba loyamba. Mukadina / n'kulemba mawu amakupititsani pamene pali mawuwo, n amakupititsani pa ena otsatira, G wamkulu kumapeto, q ndiye potulukira. Ziwiri zimene ambiri sazidziwa: less -S amaletsa mizere italiitali ya CSV kupindikira pansi, ndipo mukadina & n'kulemba mawu, amabisa mizere ina yonse n'kusiya yokhayo imene ili ndi mawuwo. Pamenepa ndilibe dandaulo lililonse.

Mkangano uli pa kusaka.

Ndiyambe ndi findstr, poti ambiri kuno muli pa Windows ndipo iyeyu ali kale m'kompyuta mwanu, simuwononga bandulo. Ubwino wake wathera pomwepo. M'fayilo yathu ina dzina la makolo limatsatana ndi dera la munthu, ndiye tsiku lina pa kompyuta ya mlembi ndinalemba findstr "Banda Chadiza" mamembala.txt kuti ndione a Banda a ku Chadiza. Anandipatsa a Banda onse, a kulikonse, kuphatikiza munthu aliyense wa ku Chadiza ngakhale ali Phiri kapena Zulu. Kuno kum'mawa mukaitana a Banda onse ndiye kuti mwaitana theka la msonkhano. findstr akaona mpata pakati pa mawu awiri amamva kuti mukufuna awa kapena awo. Kuti atenge mawu onse pamodzi muyenera kulemba /C: patsogolo pake, chonchi: findstr /C:"Banda Chadiza" mamembala.txt. Komabe cholakwa chake chimaonekera msanga, chifukwa amakupatsani zochuluka kuposa zimene munapempha. Select-String wa mu PowerShell, terminal ina ya Windows, ndi wanzeru kuposa iyeyu, sasamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono pokhapokha mutamuuza, koma kulemba dzina lake lokha zala zimatopa. Ngati muli pa Windows, ikani Git for Windows, mumabwera grep ndi less pamodzi.

grep ndi mkulu wa onse. Ken Thompson anamulemba ku Bell Labs m'chaka cha 1973, ndipo dzina lake linachokera ku lamulo la g/re/p la mu pulogalamu yolembera ya ed. Pa Linux ndi pa Mac mumamupeza ali kale. Ine ndimagwiritsa zochepa chabe: -i kuti asasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono, -n kuti anene nambala ya mzere, -r kuti alowe m'mafoda onse, -w kuti Tembo asabwere ndi Katembo, ndi -C 2 kuti ndione mizere iwiri pamwamba ndi iwiri pansi. Chenjerani ndi -c, amawerenga mizere, osati kuchuluka kwa mawu. Mzere umodzi ukakhala ndi Phiri kawiri iye awerenga kamodzi.

ripgrep, amene pa terminal timalemba rg, ndi mwana wa dzulo. Andrew Gallant anamutulutsa mu 2016, wolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Rust, ndipo ndi amene amasaka kuseri mukafufuza mawu m'mafayilo mu VS Code, pulogalamu yolembera mapulogalamu. Sindinama, nditamuika ndinamukonda. Mumangolemba rg -i tembo, iye alowa yekha m'mafoda, aika mitundu, aika manambala a mizere, aunjika zotsatira pansi pa dzina la fayilo iliyonse. Liwiro limene anthu amamutamira nalo ndi loona, kungoti limaoneka kwa amene ali ndi mafayilo zikwizikwi a mapulogalamu. Pa foda ya kopaletivu ngati yanga, grep ndi rg onse amayankha ndisanachotse chala pa Enter. Osaka ena awiri, ag ndi ack, ndinawayesako sabata imodzi, sindinaone chondisungira kumeneko.

Tsopano imvani zimene zinandichitikira.

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Atabwera pa holide anaona mmene ndimasungira mafayilo, ina "mamembala_yatsopano", ina "mamembala_yatsopano_yeniyeni", anagwira pakamwa. "Amalume, ndikuikireni git, mukalakwitsa muzitha kubwerera mmbuyo." Ndinavomera. Mnyamatayo ndi wosamala, anaganiza kuti tsiku lina ndingatumize fodayo pa intaneti manambala a NRC ndi a mafoni a anthu ali momwemo. Ndiye analemba kafayilo kotchedwa .gitignore, n'kuikamo mzere umodzi wonena kuti git asakhudze foda ya zolipira. Anachita bwino. Mwina anandiuza, ine maganizo ali kwina. Kafayiloko dzina lake limayamba ndi kadontho, choncho mukalemba ls, lamulo loonetsa mafayilo a m'foda, sikaoneka, mpaka mutawonjezera -a.

Patapita miyezi, nthawi yokonza mndandanda wa feteleza mvula isanagwe, ofesi inadzaza. Panafika agogo ena aakazi, anakwezedwa pa njinga ndi mdzukulu wawo kuchokera kumudzi wa kutali ndithu. Anakhala pa benchi mpaka nthawi yawo itakwana.

"Mwanangu, undionere ngati dzina langa lilipo. Ya umembala ndinalipira."

Ndinalemba rg -i ndi dzina lawo. Linatuluka m'fayilo ya mamembala a chaka chatha, koma mwa olipira a chaka chino ayi. Ndinayesa ndi nambala ya NRC. Zomwezo. Ndinayesa kalembedwe kena ka dzinalo, poti alembi athu wina amaika h wina saika. Zii.

"Agogo, pepani, makina akuti chaka chino simunalipire."

"Ndinagulitsa nkhuku ziwiri, mwanangu. Ndalama ndinapereka m'manja."

"Mwina mukukumbukira za chaka chatha, agogo."

Mawu amenewa ndi amene amandiwawa mpaka lero. Ndinawauza munthu wamkulu, pamaso pa anthu odzaza benchi, kuti mutu wawo wasokoneza zaka. Sanakangane nane. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, anatsamira mdzukulu uja, n'kutuluka.

Patapita masiku awiri anabweranso pa njinga yomweyo, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Anamasula mfundo ya pa chitenje, anatulutsa kapepala ka pulasitiki ka shuga, mkati mwake muli lisiti lopindidwa kanayi. Chidindo chathu, tsiku lake, ndalama yake, ndi siginecha yanga ine mwini. Anangoliika pa tebulo osanena kanthu.

Iwo ali pomwepo ndinalemba grep -rin ndi dzina lomwelo. Linatuluka nthawi yomweyo: foda ya zolipira, fayilo ya chaka chino, mzere wake. Linali momwemo nthawi yonseyi. rg sanalowemo n'komwe.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo chalembedwa poyera m'malangizo ake, ine ndi amene sindinawerenge. Mukakhala m'foda ya git, rg amamvera .gitignore, chilichonse cholembedwa mmenemo amachidumpha. Amadumphanso mafayilo ndi mafoda obisika, aja oyamba ndi kadontho, komanso mafayilo amene akuwaona ngati si a mawu. Kwa olemba mapulogalamu zimenezi ndi mdalitso, chifukwa mu .gitignore amaikamo zinyalala zimene safuna kuziona. Kwa ine mmenemo munali chuma chenichenicho. Chopweteka n'chakuti amadumpha mwakachetechete. Akakhala kuti sanasake fayilo ngakhale imodzi amachenjeza, koma akasaka zina n'kusiya zina, sanena kanthu. Inu mumangoona zotsatira zaukhondo, zamitundu yokongola, n'kukhulupirira kuti wayenda nyumba yonse, chonsecho chipinda chimodzi sanatsegule.

Mankhwala ake alipo. rg -u amasiya kumvera .gitignore, rg -uu amalowanso m'mafayilo obisika, ndipo rg --files amakuonetsani mndandanda wa mafayilo amene akufuna kusaka, kuti muone amene akusowa. Mukamutchulira dzina la fayilo mwachindunji amaisaka ngakhale ili mu .gitignore. ag nayenso ali ndi khalidwe lomweli lomvera .gitignore, musathawireko poganiza kuti mwapulumuka.

Ndinene chilungamo, grep nayenso anandigwetsapo. Mlembi wathu anasunga mndandanda mu Excel posankha Unicode Text, ndipo fayilo yotere imatuluka mu UTF-16. Mu kalembedwe kameneka chilembo wamba chilichonse chimatenga mabayiti awiri, lachiwirilo ndi ziro, ndiye kwa grep dzina la Mbewe limaoneka ngati zilembo zisanu zotalikirana. Anasaka, sanapeze kanthu. findstr nayenso UTF-16 imamugonjetsa. Nditatsegula ndi less anayamba wandichenjeza kuti fayiloyi mwina si ya mawu, ndipo nditaumirira ndinaona ^@ pakati pa zilembo zonse. Lamulo la file limakuuzani mtundu wa fayilo, ndipo iconv -f UTF-16 -t UTF-8 amaitembenuza kuti grep awerenge. Mafayilo amene mumapanga ndi chizindikiro cha > mu PowerShell 5.1 amatulukanso mu UTF-16 yomweyo. Apa rg ndiye ngwazi, amazindikira yekha kachizindikiro ka kumayambiriro kwa fayilo n'kuwerenga popanda kumuuza. Ndikuvomereza, ngakhale monyinyirika.

Ndiye onse awiri akhoza kukhala chete pamene dzina lilimo. Koma mtima wanga suwaweruza mofanana. grep analowa m'fayilo, anayang'ana, zilembo zinamukanika. rg anaona foda, n'kusankha yekha kuti imeneyi amalume saifuna. Mudzati ndi mkwiyo chabe, poti wolakwa ndinali ine wosawerenga malangizo. Mwina. Koma tsiku la UTF-16 panalibe munthu wondidikira pa benchi.

Pali kenanso kamene sikasankha pulogalamu, kamatipweteka ife a chinenero chathu. Wina amalemba Malawi, wina Malaŵi, ndipo kwa makina amenewa ndi mawu awiri osiyana. Ife okhala kufupi ndi chipata cha Mwami mawu amenewa ali ponseponse m'mabuku. Lembani grep "Mala[wŵ]i" kuti mugwire onse. Chimodzimodzi ng'ombe: foni imaika kachizindikiro kopindika, kiyibodi ya laputopu imaika kowongoka, ndi maso simungasiyanitse msanga. Ine ndimalemba "ng.ombe", poti kadontho kamaimira chilembo chilichonse chimodzi. Izi zimagwira pa grep ndi pa rg momwemo.

Mnzanga wa ku Katete uja ndinamuyankha chonchi. Ngati ukulemba mapulogalamu, ika rg, sudzadandaula. Ngati ukusunga mayina a anthu ndi ndalama zawo, phunzira grep -rin ndi less, ziwirizi zikukwanira, ndipo uzizipeza pafupifupi pa kompyuta iliyonse ya Linux imene ungakhalepo osadikira netiweki kuti uike kanthu. rg ndikadali naye pa laputopu, sindinamuchotse, koma zala zanga zinazolowera kulemba -uu zokha. Ndipo ndisanauze munthu aliyense kuti dzina lake mulibe, ndimayamba ndasaka dzina limene ndikudziwa kuti lilimo m'fayilo yomweyo. Likapanda kutuluka ndimadziwa kuti vuto lili kwanga.

Agogo aja feteleza wawo analandira. Ndinapita kwawo Loweruka lotsatira ndi paketi ya shuga kukapepesa, anandipatsa nshawa zokazinga, nkhaniyo sanaitchulenso. Chaka chino atabwera kudzalipira, ndinayamba kutsegula laputopu. Anaika dzanja pa chivundikiro chake n'kuchitsekera pansi pang'onopang'ono.

"Yamba walemba lisiti, mwanangu. Makina ako uwauze ine nditapita."